Mwendo Umene Unasowa Mwini

Ine ndine telala. Ndimasoka pakhonde la golosale ina mu Ndirande, pafupi ndi pamene maminibasi amatembenukira, ndipo palibe kholo limene linabwezapo yunifolomu yosokedwa ndi ine kuti yang'ambika m'khwapa. Makina anga ndi akale aja, opalasa ndi phazi. Magetsi azime kaya ayake, ine ntchito ili m'kati. Ndiye mwendo kwa ine si woyendera chabe, ndi umene umadyetsa ana anga.

Bondo lamanja linayamba kuwawa nthawi ya chiperoni, ine n'kumati n'kuzizira. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anandipatsa mapilitsi opha ululu, nati mwina ndi nyamakazi. Nyamakazi yanji pa munthu wosakwana n'komwe zaka makumi anayi? Amayi oyandikana nawo ankabwera kudzandithowa ndi kansalu konyika m'madzi otentha. Wina anati ndaponda mankhwala otchera, ndikatemetse mphini. Ndinamuuza kuti munthu amene angataye mankhwala ake kutchera telala wa pakhonde ndiye kuti wasowa chochita.

Pofika nthawi yotsegulira sukulu, pamene ntchito ya mayunifolomu imathina, kunsi kwa bondo kunali kutatupa. Sichinali chofewa ngati chithupsa ayi. Chinali cholimba, chofunda ukachikhudza, ndipo ndikapalasa makina kanthawi ndinkatuluka thukuta la ululu. Pamenepo m'pamene anandilembera kuti ndipite kuchipatala chachikulu m'tauni.

Anandijambula mwendo. Dokotala wa mafupa anali mayi, wamfupi, wolankhula mosathamanga. Anaimika chithunzicho pazenera n'kundiitana kuti ndiyandikire.

"Mayi, mukuona fupa la msongolo ili? Kumunsi kuno n'loyera bwinobwino. Koma onani kumtunda kuno, pafupi ndi bondo. Pakuoneka ngati thovu la sopo."

Ndinaona. Sindinapite patali ndi sukulu koma maso ndili nawo. Fupa linali litafufuma, m'kati mwake muli mbuu, ndipo m'mphepete munatsala kamzere kopyapyala ngati ulusi.

Dokotalayo anati chithunzi pachokha sichinena dzina la matenda, popeza pali zotupa zingapo za m'fupa zimene zimaoneka mofanana, zina zofatsa, zina zakupha. Anandibaya dzanzi, n'kuboola pang'ono, n'kutenga kachidutswa ka m'katimo kuti akakayeze. Anajambulanso chifuwa, akuti kuona ngati mapapo ali bwino. Kenako kunali kudikira. Masabata amenewo ndinkasoka ndi mutu wopanda nzeru, moti siketi ina ndinaiika zipi mozondoka.

Tsiku lokamva zotsatira ndinapita ndi amuna anga. Iwo amagwira ntchito pafakitale ina ku Maselema, munthu wofatsa, wosachedwa kuchita manyazi pagulu. Dokotala atangoti si khansa, iwo anachita chizindikiro cha mtanda n'kutola chipewa chawo kuti tizipita.

"Khalani pansi kaye, bambo, sindinamalize," anatero dokotala. "Chotupa ichi n'chosowa, sitichiona kawirikawiri. Nthawi zambiri sichiyendayenda m'thupi ngati khansa, chimakhala pamalo amodzi. Koma pamalo amodzipo n'chaukali. Chikudya fupa kuchokera m'kati, monga chiswe chimadyera felemu ya chitseko, kunja penti ali bwinobwino."

Anafotokoza zoti achite. Atsegula kazenera pafupa, apala m'kati monse mpaka kuyera, atsukamo ndi mankhwala, kenako adzazamo simenti yapadera ya mafupa. Akuti simentiyo ikamauma imatentha, ndipo kutenthako kumathandiza kupha tizotsalira. Amuna anga anafunsa ngati ndi simenti yomweyi yomangira nyumba, dokotala n'kuseka pang'ono, nati ayi.

"Tikachita msanga, bondo likhala lanu monga kale. Tikachedwa, chikoko cha fupa chatsalachi chiphwanyika, chotupa chilowa m'bondo, ndiye nkhani isintha. Ena timafika podula mwendo. Mutenge ndodo ziwiri izi, ndipo mwendo umenewu usanyamulenso thupi lanu."

Ine mumtima ndinali nditavomera asanamalize n'komwe. Dokotala anandiyang'ana ine, osati amuna anga, nati ndine munthu wamkulu, mawu anga ndi okwanira. Anatipatsa tsiku. Koma ndinayankha zimene aliyense kwathu kuno amayankha, kuti tikakambirane kaye kunyumba. Sindinkaopa munthu. Ndinkangodziwa kuti mkazi akapita kumpeni abale osamva, zikavuta mlandu umagwera mwamuna, ndipo sindinkafuna kuwasenzetsa zimenezo amuna anga. Ndinkati ndi nkhani ya madzulo amodzi.

Apa ndiyenera kufotokoza za banja lathu. Amuna anga ndi Msena wa ku Nsanje. Ine ndine Mlomwe, wobadwira ku Bangwe, agogo athu anachokera ku Mozambique kudzera ku Mulanje. Kwathu mwini wa mwana ndi malume wake, ndipo poti makolo anga anapita kale, amalume anga a ku Bangwe ndiwo mwini mbumba. Kwa Asena n'kosiyana. Mwamuna amalowola, ndipo mkazi ndi ana amakhala a kuchimuna. Pokwatirana, amuna anga anatsata mwambo wa kwawo n'kupereka malowolo. Amalume sanakane, ngakhale kuti si mwambo wathu. Analandira ndi manja awiri, ndipo malata a nyumba yawo ya ku Bangwe anachokera pamenepo.

Zaka zonsezi ndinali ndi eni awiri, ndipo onse ankandikumbuka bwino. Kukagwa maliro ku Nsanje, uthenga unkati mkazi wathu abwere adzaphikire anthu. Kukakhala ukwati ku Bangwe, ankati mwana wathu atisokere madiresi, ulere. Sindinkadandaula, ndinali ndi mphamvu.

Madzulo a tsiku lija ndinati, "Abambo, ndiye tipite tsiku atipatsali."

Amuna anga anapitiriza kupukuta nsapato zopukuta kale. Kenako anati, "Mayi, nkhani ya mpeni ine sindingaiyankhe ndekha. Inu muli ndi eni ake. Mwendo ukakatsala kuchipatala, amalume anu adzati Msena wadulitsa mwana wathu."

Ndinati chabwino, ku Bangwe si kutali. M'mawa mwake ndinakwera minibasi ndi ndodo zanga, kusintha ku Limbe, kondakitala akundinyamula m'khwapa ngati thumba la mbatata. Amalume ndinawapeza pakhonde akusenda nandolo ndi akazi awo. Anamvetsera zonse, akugwedeza mutu.

"Iwe mwana, chotupa chikalawa mpeni chimakwiya, ndazionapo ine," anatero. "Komanso nkhaniyi si yanga. Ife tinalandira malowolo. Mwambo wa anzathuwa umati ndiwe wa kwawo. Ndikavomera ine zinthu n'kuvuta, adzati Alomwe atiwonongera mkazi amene tinalowola. Auze amuna ako alankhule ndi achimwene awo."

Achimwene awowo ndiwo alamu anga aakulu, nkhoswe ya kuchimuna, ndipo amakhala ku Nsanje. Tinawaimbira foni. Anati nkhani yotere sitikambira pafoni, abwera. Sabata imeneyo kunali maliro. Sabata inayo anati akudikira kugulitsa mbuzi. Amuna anga akaimbira amalume, amalume ankati iwo angomvera zimene anganene a kuchimuna. Akaimbira alamu, alamu ankati sangadumphe mwini mbumba. Onse ankalankhula mwaulemu kwambiri, aliyense kulemekeza mnzake. Ulemu wotero sindinauonepo chikwatiwireni.

Tsiku limene anatipatsa kuchipatala linafika n'kudutsa ine ndili pakhonde. Ndinapsa mtima tsiku limenelo moti ndinathamangitsa kasitomala wosalakwa amene anangofunsa ngati buluku lake latha. Madzulo ndinawauza amuna anga kuti pamene ndinkaphika pamaliro a kwawo sanafunse kaye ku Bangwe ngati ndingasenze ndowa. Iwo anangoti ndipirire, achimwene ali m'njira. Chotupacho sichinkadikira nkhoswe. Khungu la pamwamba pake linayamba kunyezimira, ndipo nsalu ikangokhudza ndinkalumpha.

Potsiriza alamu anafika. Msonkhano unachitikira kwathu Lamulungu masana, anthu ataweruka ku Misa. Amalume anabwera ndi akazi awo. Amuna atatuwo anakhala pamipando m'balaza, ine ndili kuchipinda kudikira kuti andiitane, ngati nkhani ikukambidwayo ndi ya munthu wina. Ndinkamva mawu awo kudzera pansalu ya pakhomo. Anayamba ndi mvula, n'kupita pa mtengo wa feteleza, n'kubwerera pa mvula.

Atandiitana ndinanyamuka ndi ndodo zanga. Pakhomo akazi a amalume anandigwira mkono n'kundinong'oneza.

"Ndodozo siya apa. Akuluakulu sapatsidwa moni choimirira, ukufuna alamu ako akanene chiyani kwawo?"

Anthu amandifunsa kuti ndinavomereranji, dokotala atandiuza momveka. Ine ndimawafunsa kuti iwo analeredwa kuti. Ndinayamba kugwadira akuluakulu ndisanadziwe kumanga nsalu. Thupi limapita pansi lokha, mutu usanaganize. Komanso ndinkafuna anthu amenewa afewe mitima, nkhani ithe tsiku lomwelo. Sindidziimba mlandu pa zimenezo, ndipo sindidzadziimba.

Ndinatsamira khoma, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka mawondo onse pansi. Ndinapereka dzanja kwa alamu. Ndinadzikoka n'kupereka dzanja kwa amalume. Mavuto anali podzuka. Nditangoika phazi lamanja pansi kuti ndidzikankhe, panamveka kuti thyo, ngati phesi louma la chimanga. Onse anamva. Ululu unabwera pambuyo pake, ndipo unali woti sindinathe n'kulira komwe. Ndinangogwera chammbali pasimenti, mwendo utapindikira kumene mwendo supindikira.

Alamu anatsegula pakamwa, koma ine ndinawatsogolera.

"Mwamva nonse? Nkhani yanu yayankhidwa. Abambo, kapezeni galimoto, ndipo sindikupemphani, ndikukuuzani. Alamu, mbuzi zanu mwagulitsa bwino, zikomo pobwera. Amalume, malata aja munakhoma msanga, simunadikire msonkhano. Nonsenu mumaopa kuti mlandu ukugwerani. Ine ndimaopa kutaya mwendo, ndipo palibe mmodzi wa inu amene anandifunsa."

Sindinalankhulepo chotero kwa akuluakulu, ndipo akazi a amalume anagwira pakamwa. Amuna anga anali atatuluka kale chothamanga, opanda nsapato. Anabwera ndi kalole kakang'ono ka mnzawo wogulitsa makala, n'kundigoneka kumbuyo pamatiresi. Msewu wa kwathu ndi wa miyala yokhayokha, ndipo mwala uliwonse ndinaumva m'fupa.

Dokotala uja anandiona m'mawa mwake. Sanandikalipire. Anayang'ana chithunzi chatsopano nthawi yaitali, kenako anakhala pamphepete pa bedi.

"Chikoko chija chathyoka, ndipo mng'alu wafika m'bondo. Mwendo tiyesetsa kuusunga, ndipo ndili ndi chikhulupiriro. Tipala, tithira simenti, tiwonjezera chitsulo chogwira fupa. Koma bondo lakale lija sindingakulonjezeni. Pali wina amene mukufuna kuti timudikire?"

Ndinati palibe, ayambe ngakhale pompano. Amuna anga anali chiimire kumapazi a bedi, chipewa m'manja. Anangoti, "Zimene anena mayiwa ndi zomwezo."

Za m'chipinda cha opaleshoni ndilibe zoti ndinene, ndinali m'tulo. Chimene ndikukumbuka n'chakuti nditatsitsimuka m'wodi sindinafune kuyang'ana kumunsi. Ndinayang'ana denga, ndinayang'ana botolo la diripi, ndinayang'ana mayi wa pabedi lina amene ankadya nthochi. Nesi wina ndiye anavundukula bulangeti n'kunena kuti ndigwedeze zala. Zinalipo, zotupa, zakuda ndi mankhwala, koma zinagwedezeka. Ndinalira pamenepo, mokweza, osasamala kuti wodi yonse ikumva. Chinali chisangalalo chosakanikirana ndi mkwiyo, ndipo sindinayese kuzisiyanitsa.

M'wodi ya amayi mwamuna sagonamo, ndiye amayi a mumphakati wathu wa kutchalitchi ankasinthana kundidikirira. Amuna anga ankabwera nthawi iliyonse yoonera odwala, kuchokera ku Maselema, nthawi zina wapansi. Sanapepese ndi pakamwa, si munthu wa mawu. Koma nditatuluka m'chipatala ndinawaona akuchapa nsalu zanga pampopi wa tonse, azimayi a pamzere akuwaseka chamumtima, iwo osatukula mutu. Mwamuna wa ku Nsanje kuchapa zitenje pagulu si nkhani yaing'ono. Ndinawakhululukira pamenepo, ngakhale ndinadikira masiku angapo ndisanawauze.

Kenako anayamba mafizo, masewera ophunzitsa bondo kupindanso. Amene sanapiteko asanene kuti amadziwa ululu. Mtsikana wa mafizo ankagwira chidendene changa n'kumakankha kuti bondo lipinde, ine ndikumutukwana chamumtima, nthawi zina chapakamwa. Ankangoseka n'kunena kuti odwala olusa ndi amene amachira msanga. Ndinapita osajomba, dzuwa kaya mvula. Bondo linayamba kumvera pang'onopang'ono, mpaka linafika pena pake n'kuima. Dokotala anati pamenepo ndi pamene lathera, chifukwa mng'alu uja unawononga m'kati mwa mfundo. Akanapala chikoko chisanathyoke, bwenzi likupinda lonse.

Ndiye lero ndimayenda, wopanda ndodo, ndikutsimphina pang'ono. Ndimakhala pampando bwinobwino. M'minibasi ndimafuna mpando wa kutsogolo, ndipo makondakitala a pasiteji yathu anasiya kulimbana nane. Makina ndinaphunzira kupalasa ndi phazi lamanzere. Poyamba mzere unkakhota ngati wa wophunzira, koma tsopano ndikuuzeni, palibe angasiyanitse. Chimene sindingathe ndi kugwada. Kutchalitchi anthu akagwada ine ndimakhala, ndipo sindikhulupirira kuti Mulungu amandiwerengera.

Chotupa cha mtundu umenewu chimatha kubwerera, makamaka zaka zoyambirira. Dokotala anandiuza zimenezo poyera, ndipo ndimapita kukajambulitsa mwendo ndi chifuwa nthawi iliyonse imene wanena. Mpaka pano pachithunzi pamangooneka simenti yoyera ndi chitsulo chake. Chikadzabwerera tidzathana nacho, njira ya kuchipatala ndikuidziwa ndipo sidutsanso ku Bangwe kapena ku Nsanje. Amayi angapo a m'dera lathu abwera kudzandionetsa zotupa zawo. Ine si dokotala, ndimangowauza kuti chotupa cholimba chimene chikukula asachithowe, akachijambulitse, ndipo abale akawauze pobwerera.

Amalume sanabwere kuwodi. Ankangotumiza nthochi ndi moni. Miyezi inapita, ine osapondako ku Bangwe, iwo osaponda kwathu. Ndinali nditakonza mawu oti ndidzawauze, ndipo ndinkawanola tsiku ndi tsiku ndikamasoka.

Anafika Loweruka lina masana ndi akazi awo, osatumiza uthenga. Anandipeza pakhonde la kunyumba, ndili pampando, mwendo nditauwongola, ndikusoka mabatani pamanja. Anali atakalamba kuposa mmene ndinawasiyira, jekete likuwakhuthukira m'mapewa. Amuna anga anathamanga kukatenga mipando m'nyumba. Ine sindinasunthe. Ndinaika singano pambali n'kutambasula dzanja ndili pampando pomwepo.

Akazi a amalume anayang'ana dzanjalo, n'kuyang'ana pansi pamene ndinayenera kukhala. Anayamba kunena kuti mwana uyu masiku ano, koma amalume anawadula.

"Mleke."

Amuna anga anaika mpando kumbuyo kwawo. Amalume sanaukhale. Anayang'ana chipsera chimene chinkaonekera kunsi kwa nsalu yanga, chachitali, chotsika kuchokera pabondo. Kenako anavula chipewa, anagwira chipilala cha khonde, n'kuyamba kutsika. Mawondo awo ankalira, ndipo zinawatengera nthawi. Anakhala pasimenti, pafupi ndi phazi langa, munthu amene mbumba yonse imamugwadira. Anagwira dzanja langa ndi manja awo onse awiri.

"Muli bwanji, mayi?"

Chibadwireni anali asananditchulepo inu. Mawu onse amene ndinanola aja anasowa ntchito, ndipo maso anandiwotcha. Ndinawamvera chisoni, komanso mtima wanga unakhuta, zonse nthawi imodzi. Ndinayankha kuti ndili bwino, ndili ndi miyendo yanga yonse iwiri. Tinacheza mpaka dzuwa kupendeka, za nandolo wawo ndi za ana, iwo ali pansi pomwepo, ndipo sindinawauze kuti akhale pampando.